Kodi kulowa m'madzi ozizira kumalimbitsa mtima kapena kumauika pangozi?

Funso: "Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 31, kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndimagwira ntchito ku Cape Town. Anzanga akuntchito amapita m'mamawa kukalowa m'nyanja ku Camps Bay. Amati madzi ozizira amalimbitsa mtima ndi kukhazika maganizo pansi. Tsiku lina ndinapita nawo ndipo ndinangodumphiramo. Ndinabanika, mtima unagunda kwambiri, ndipo nditamiza mutu n'kuvuuka ndinaumva ukudumphadumpha. Sindidwala chilichonse, BP yanga ili bwino, ndipo kusambira ndinayamba ndili mwana. Chinandichitikira n'chiyani? Ndipitirize kapena ndisiye?"

Yankho: Achimwene, zimene zinakuchitikiranizo n'zodziwika bwino, ndipo zimagwera pafupifupi munthu aliyense wosazolowera amene wadumphira m'madzi ozizira kwambiri. Pazokha sizikusonyeza kuti mtima wanu ndi wodwala. Komabe musazipeputse. Ambiri mwa anthu amene amafera m'madzi ozizira amafa m'mphindi zoyambirira zomwezo, m'kati mwa thupi musanazizire n'komwe, ndipo ena mwa iwo amakhala odziwa kusambira ngati inu.

Tiyambe ndi madziwo. Nyanja ya Malawi imene munaphunziriramo kusambira, pamwamba pake pamakhala pofunda, madigiri 24 mpaka 28 chaka chonse. Ku Camps Bay muli kumbali ya Atlantic, kumene kumadutsa madzi ozizira oyenda ngati mtsinje m'nyanja, otchedwa Benguela, ndipo nthawi zambiri madzi akumeneko amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15. Chodabwitsa n'chakuti m'miyezi yotentha, mchenga ukamawotcha mapazi, madziwo amatha kuzizira kuposa mu June, chifukwa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndiye apansi ozizira aja amakwera. Pamadigiri 10 mpaka 15 pomwepo ndi pamene thupi la munthu limadzidzimuka kotheratu. Luso lanu la ku Nkhotakota silinakukonzekeretseni zimenezi, ndipo silikanatha.

Chimayambitsa zonse ndi khungu. Pakhungu pali timinyewa tomva kuzizira, tambiri kuposa tomva kutentha, ndipo tili pamwamba penipeni. Pa timinyewa timeneti pali kachipata kotchedwa TRPM8, kamene kamatseguka khungu likazizira. Ndi komweko kamene menthol wa mu Vicks amakatsegula, n'chifukwa chake mukadzola mumamva kuzizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Magulu a David Julius ndi Ardem Patapoutian ku America anakatulukira mu 2002, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa cha ntchito yawo pa mmene thupi limamvera kutentha, kuzizira ndi kukhudzidwa. Timinyewati timafuula kwambiri khungu likazizira mofulumira komanso pamalo aakulu nthawi imodzi. Madzi amachotsa kutentha pakhungu mwachangu kuposa mpweya, choncho kudumphira m'nyanja kumatanthauza kuti thupi lonse, kuyambira kuphazi mpaka m'khosi, latumiza uthenga ku ubongo pa sekondi imodzi.

Ubongo ukalandira uthengawo sufunsa maganizo anu. Choyamba munthu amakoka mpweya mwamphamvu mosafuna, malita awiri kapena atatu kamodzi. Kenako amapuma mwabefu, ndipo ngakhale atayesa kudziletsa amalephera. Munthu amene pamtunda amagwira mpweya kwa mphindi yathunthu, m'madzi otere amangokwanitsa masekondi ochepa. Pulofesa Michael Tipton wa pa yunivesite ya Portsmouth ku England, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, amaitchula kuti cold shock. Imafika pachimake m'masekondi 30 oyamba ndipo imazilala pakadutsa mphindi imodzi mpaka zitatu. Ngoziyo mwaiona kale: ngati pakamwa pali pansi pa madzi nthawi imene mukukoka mpweya woyamba uja, kapena funde lakumenyani kumaso muli pabefu, mumakokera madzi m'mapapo, ndipo lita imodzi ndi theka ya madzi amchere ndi yokwana kupha munthu wamkulu. Befu lija limachotsanso mpweya wa carbon dioxide wochuluka m'magazi, mitsempha ya magazi ya mu ubongo n'kupanikizika. Apo m'pamene pamachokera chizungulire, kuona zinthu mwachimbuuzi ndi kunyerenyetsa kwa zala.

Nanga mtima? M'thupi muli minyewa imene imayendetsa zinthu zomwe sitizilamulira, monga kugunda kwa mtima, thukuta ndi kugaya chakudya. Ili m'magulu awiri. Gulu la sympathetic ndi lofulumizitsa, limagwira ntchito munthu akaopsezedwa kapena akamathamanga. Gulu la parasympathetic ndi lodekhetsa, ndipo ku mtima limafika kudzera mu mnyewa waukulu wotchedwa vagus. Khungu likazizira mwadzidzidzi, gulu loyamba lija limadzuka lonse. Limatulutsa noradrenaline ndi adrenaline, timadzi tofulumizitsa thupi, mtima n'kuyamba kuthamanga ndi kupopa mwamphamvu, mitsempha ya magazi ya pakhungu, m'manja ndi m'miyendo n'kufinyika kuti kutentha kusatayike. Magazi omwewo tsopano akudutsa m'njira zopapatiza, ndiye BP imakwera msanga. Madokotala anazindikira kalekale kuti sipafunikanso thupi lonse: mu 1932 Edgar Hines ndi George Brown a ku Mayo Clinic ankaviika dzanja limodzi la munthu m'madzi a ayezi kwa mphindi imodzi, BP n'kukwera, ndipo njira imeneyi ikugwiritsidwabe ntchito poyeza minyewa ya gulu limeneli. Onjezani kuti madzi amapanikiza miyendo ndi mimba, magazi ambiri n'kubwerera m'chifuwa. Mtima umapatsidwa katundu wochuluka pa nthawi imodzi. Wa munthu wa zaka 31 wopanda matenda umausenza bwinobwino, ndipo kugunda kwamphamvu kumene munamvako kunali kumeneku.

Zodumphadumpha zija ndi nkhani ina, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Nkhope ili ndi lamulo lakelake. Madzi ozizira akakhudza pamphumi, m'maso ndi m'mphuno, makamaka munthu atagwira mpweya, mnyewa wa kumaso wotchedwa trigeminal umatumiza uthenga ku ubongo, ubongo n'kulamula vagus kuti achepetse kugunda kwa mtima. Cholinga chake n'kusunga mpweya kuti ukwanire ubongo ndi mtima munthu ali pansi pa madzi. Nyama za m'nyanja, monga ma seal amene mumawaona ku Hout Bay, zili ndi mphamvu imeneyi kwambiri, ife tili nayo pang'ono, koma ilipo ndithu. M'chipatala timaigwiritsa ntchito: khanda likabwera mtima ukuthamanga mopyola muyeso ndi vuto lotchedwa SVT, chimodzi mwa zoyamba kuyesa ndi kuliika kathumba ka madzi a ayezi kumaso kwa masekondi angapo, ndipo kawirikawiri mtima umabwerera m'malo mwake.

Tsono inu munachita zonse ziwiri pamodzi. Thupi linali m'madzi ozizira, gulu lofulumizitsa likulamula mtima kuti uthamange. Munamizanso mutu mutagwira mpweya, vagus n'kulamula kuti udekhe. Zili ngati ngolo imene munthu wina akukwapula ng'ombe kuti zithamange pamene mnzake akuzikoka chingwe kuti ziime: zimangodzandira. Mu 2012, Michael Shattock wa ku King's College London ndi Tipton analemba za mkangano wa malamulo awiriwa, n'kuutcha autonomic conflict. Zimene anasonkhanitsa n'zakuti mwa achinyamata athanzi amene analowa m'madzi ozizira mutu uli kunja akupuma momasuka, pafupifupi 2 pa 100 alionse ndi amene mtima wawo unasokonezeka kagundidwe. Mwa amene anamira thupi lonse atagwira mpweya, chiwerengerocho chinapyola 60 pa 100 alionse. Kusokonezekako kunkabwera makamaka m'masekondi 10 oyamba munthu atangotulutsa mpweya umene anagwira. Inunso mwanena kuti munaumva mutangovuuka. Zikugwirizana ndendende.

Kwa ambiri, kumeneku kumakhala kugunda kongowonjezera apo ndi apo, ndipo kumatha kokha pasanathe mphindi. Vuto limabwera ngati mtimawo uli ndi chilema chobisika chimene mwiniwake sachidziwa. Chodziwika kwambiri ndi chobadwa nacho chotchedwa long QT, pamene magetsi a mtima amachedwa kukonzekera kugunda kotsatira. Mtundu wina wa vutoli umaputidwa kwambiri ndi kusambira. Pali mankhwala enanso amene amautengera mtima mbali yomweyo, monga kwinini, erythromycin, azithromycin ndi haloperidol. Pa mtima wotere, mkangano uja ungayambitse kugunda kwachisawawa kopanda kupopa magazi, munthu n'kukomoka m'madzi momwemo osakuwa n'komwe. Akamuyeza atamwalira, kusokonezeka kwa magetsi sikusiya chizindikiro, ndiye pachikalata amangolembapo kuti anamira. N'chifukwa chake ndikanakhala nanu m'chipinda, funso langa loyamba silikanakhala la BP. Ndikanafunsa ngati kubanja kwanu alipo amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, kapena amene anamira chikhalirecho ankadziwa kusambira, kapenanso ngati inuyo munakomokapo mukuthamanga kapena mukusewera mpira.

Mukadutsa mphindi zoyambazo, kuzizira kumayamba kulowa m'minyewa ndi m'minofu ya m'manja ndi m'miyendo. Mnyewa ukazizira uthenga umayenda pang'onopang'ono, liwiro lake limatsika ndi pafupifupi mamita awiri pa sekondi pa digiri iliyonse. Mikono ndi imene imayamba kugonja chifukwa ndi yowonda ndipo ikugwira ntchito m'madzi. Zala zimachita dzanzi, munthu amalephera kugwira chingwe chimene amuponyera, manja amayamba kupalasa mofupikitsa, miyendo n'kumatsikira pansi mpaka thupi kuima chilili m'madzi. Zonsezi zimachitika mutu ukuganiza bwinobwino. Gordon Giesbrecht wa pa yunivesite ya Manitoba ku Canada anaziika m'manambala osavuta kukumbukira, 1-10-1: mphindi imodzi yoti mugwire kapumidwe kanu, mphindi pafupifupi 10 zimene manja ndi miyendo zingakuthandizeni, ndi ola limodzi musanakomoke ndi kuzizira, ngati muli ndi chokuyandamitsani.

Kuzizira kwa m'kati mwa thupi, kumene anthu ambiri amakuopa, kumabwera pomalizira. Timati munthu wazizira moopsa kutentha kwa m'kati kukatsika pansi pa madigiri 35, ndipo kwa munthu wamkulu izi sizichitika kawirikawiri pasanathe mphindi 30 ngakhale m'madzi ozizira kwambiri. Amanjenjemera, lilime limalemera, nzeru zimasokonekera. Cha m'ma 30 mpaka 32 kunjenjemera kumaleka, mtima umagunda mochedwa, ndipo pansi pa 28 kungomunyamula mwankhanza kungausokonezeretu. Chodabwitsa n'chakuti kuzizira komweko kumateteza ubongo, chifukwa ukazizira umafuna mpweya wochepa. Mu 1999, dokotala wachitsikana wa ku Sweden, Anna Bågenholm, anagwera mumtsinje wouma ndi ayezi pafupi ndi Narvik ku Norway ndipo anakhalamo mphindi 80. Anafika kuchipatala cha Tromsø mtima utaima, thupi lili pa madigiri 13.7. Anamutenthetsa magazi ndi makina, anatsitsimuka, ndipo anabwereranso pa ntchito ya udokotala. Chimene chinachedwa kuchira ndi minyewa ya m'manja ndi m'miyendo.

Tibwere ku zimene anzanuwo amanena. Zoti munthu amatuluka m'madzi ali wosangalala ndi wogalamuka, sakunama. Ofufuza a ku Prague, motsogoleredwa ndi Šrámek, anaika anyamata m'madzi a madigiri 14 kwa ola lathunthu, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2000 zinasonyeza kuti noradrenaline m'magazi anakwera ndi 530 peresenti, dopamine, timadzi togwirizana ndi chisangalalo, ndi 250 peresenti. Manambala amenewa ndi amene amazungulira pa YouTube ndi pa TikTok, kungoti owatchulawo sanena kuti linali ola lathunthu, osati mphindi ziwiri, ndiponso kuti anayezedwa m'magazi, osati mu ubongo. Ku Netherlands, kafukufuku wa Geert Buijze wa mu 2016 anatenga anthu oposa 3,000. Ena ankamaliza kusamba kwawo ndi madzi ozizira kwa masekondi 30, 60 kapena 90 kwa mwezi umodzi, ena ankasamba monga mwa masiku onse. A madzi ozizira aja anajomba kuntchito chifukwa cha matenda mocheperako ndi 29 peresenti, koma masiku amene ankadzimva kuti akudwala sanasiyane ndi a anzawo. Masekondi 90 sanapose masekondi 30. Palinso kafukufuku wa ku Radboud University wa mu 2014 pa anthu 12 ophunzitsidwa ndi Wim Hof, munthu wotchuka ndi kupirira kuzizira, amene matupi awo sanatupe kwambiri atabayidwa poizoni wa mabakiteriya. Koma anthuwo ankachitanso masewera a kapumidwe, ndipo kafukufuku wotsatira analoza kwambiri ku kapumidweko kusiyana ndi kuzizira. Masewera a kapumidwe amenewo musadzawachitire m'madzi kapena m'mphepete mwake, anthu akomoka n'kumira nawo.

Maganizo anga ndi awa: monga chinthu chotsitsimutsa, chokupatsani anzanu ocheza nawo kudziko lachilendo ndi chifukwa chodzukira m'mawa, n'chabwino. Monga mankhwala olimbitsa mtima, chikutchuka kuposa umboni wake. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata kuli ndi umboni wochuluka kwambiri kuposa bafa la ayezi lililonse. Ngati mumanyamula zitsulo kuti minofu ikule, dziwaninso kuti kafukufuku wa Llion Roberts ndi anzake wa mu 2015 anapeza kuti kulowa m'madzi ozizira mukangomaliza kunyamula kumachepetsa kakulidwe ka minofuyo.

Chimene chili chotsimikizika ndi kuzolowera. Munthu akalowa m'madzi ozizira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, kudzidzimuka kuja kumatsika ndi pafupifupi theka, ndipo mbali ina ya kuzoloweraku imakhalapobe patapita miyezi yambiri. Khungu limatumizabe uthenga womwewo, chasintha ndi mmene ubongo ukuulandirira. N'chifukwa chake anzanuwo ankacheza m'madzi momwemo inu mukulimbana ndi mpweya. Mantha amabwezera zinthu m'mbuyo: munthu wozolowera akagwa mwangozi kapena akachita mantha ndi funde, befu limabweranso mwamphamvu. Kuzolowera kwake sikuteteza manja kuti asachite dzanzi, kungoti munthu samvanso kuwawa msanga, ndiye amakhalitsa m'madzi kuposa mmene thupi lake lingapirire. Lewis Pugh, amene anakulira ku South Africa komweko, anasambira kilomita imodzi ku North Pole mu 2007 m'madzi a madigiri 1.7 pansi pa ziro. Pulofesa Tim Noakes wa pa yunivesite ya Cape Town anapeza kuti thupi la Pugh linkatentha lokha asanalowe m'madzi. Ameneyo ndi munthu mmodzi wapadera, wokhala ndi madokotala ndi boti pambali pake, si woti muzidziyerekeza naye.

Ndinenepo pang'ono za mphepo yozizira, chifukwa imakhudza anthu ambiri kuposa nyanja. Siidzidzimutsa, koma imafinya mitsempha ya magazi kwa maola ambiri. BP ya anthu imakhala yokwererapo m'nyengo yozizira. Magazi akasonkhana m'kati, impso zimaona ngati madzi achuluka ndipo zimawataya, n'chifukwa chake mu June timakodza pafupipafupi. Magazi otsalawo amakhala okhuthala ndi osavuta kuundana, monga anasonyezera William Keatinge ku London mu 1984. Kafukufuku wa Antonio Gasparrini wa mu 2015, amene anaunika imfa zoposa 74 miliyoni m'mayiko 13, anapeza kuti zoposa 7 pa 100 zinali zokhudzana ndi kuzizira pamene za kutentha sizinafike ngakhale imodzi pa 100, ndipo zambiri zinachitika masiku ozizira mwapakatikati. Kafukufuku wa Eurowinter wa mu 1997 anapeza kuti kukazizira, imfa zimakwera kwambiri ku Athens kuposa kum'mwera kwa Finland, chifukwa a kumalo ofunda savala mokwanira ndipo nyumba zawo sizisunga kutentha. Amene ali pangozi ndi okalamba ndi odwala mtima kapena BP, osati inu, koma kumbukirani makolo nthawi ya chiperoni kapena amene ali ku Dedza ndi ku Mzimba. Bungwe la WHO limalimbikitsa madigiri 18 m'nyumba. Mbaula yamakala m'chipinda chotseka si yankho, utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo chaka ndi chaka.

Tsono mupitirize? Ngati mafunso a kubanja ndi kukomoka aja yankho lake ndi ayi, ndipo simukumwa mankhwala okhudza mtima, mukhoza, koma musinthe kalowedwe. Yambirani kunyumba ndi masekondi 30 a madzi ozizira pomaliza kusamba. Kunyanja sankhani dziwe lotchingidwa ndi miyala la ku Camps Bay komweko, pamene mapazi akugunda pansi. Lowani moyenda, osadumphira. Madzi akafika m'chifuwa imani, mutu uli kunja, mutulutse mpweya pang'onopang'ono mpaka befu litatha, ndipo pokhapo musambire. Musamize mutu mutagwira mpweya m'mphindi ziwiri zoyambirira. Masiku oyamba mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo zala zikayamba kuuma tulukani ngakhale anzanu akadali momwemo. Musalowe nokha, musalowe mutamwa mowa kapena muli ndi matsire, chifukwa mowa umasokoneza nzeru ndi kagundidwe ka mtima komwe. Mukadzagwera m'madzi ozizira mwangozi, kaya ndi kunyanja kapena ku Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje, musalimbane ndi kusambira nthawi yomweyo. Gonani chagada, tambasulani manja, muyandame mpaka mpweya ubwerere.

Potuluka samalaninso. M'kati mwa thupi mumapitiriza kuzizira kwa mphindi zingapo mutatuluka kale, chifukwa minofu yozizira yakunja ikukokabe kutentha kwa m'kati. Kunjenjemera kwenikweni kumayamba mutavala kale. Dzipukuteni, valani zokhuthala ndi chipewa, imwani tiyi wotentha, ndipo musayendetse galimoto kunjenjemerako kusanathe. Musathamangire shawa yotentha kwambiri, imatsegula mitsempha ya pakhungu mwadzidzidzi, BP n'kugwa, munthu n'kugwera m'bafa.

Kudumphadumpha kuja kukadzabweranso mutalowa pang'onopang'ono mutu uli kunja, kapena kukapitirira mphindi zingapo mutatuluka, kapena kukabwera pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, mdima m'maso kapena kukomoka, siyani kaye ndipo pitani kuchipatala mukapemphe ECG, kuyeza magetsi a mtima. Mukawauze madokotala kuti zinayambira m'madzi ozizira ndipo muwapemphe ayang'ane QT. Ngati ECG ya kamodziyo ili bwino koma zizindikiro zikubwerabe, angakupatseni kamakina kovala pachifuwa kwa maola 24 kotchedwa Holter.